Kuchoka pa Burma Road Kufika Pansi pa Bedi: Ulendo Wosakila Mamendulo a Ambuya

Aliyense wa mu Lusaka aidziwa Burma Road. Ena timapitamo m'mawa uliwonse, titapanikizana anayi pa mpando wa anthu atatu, basi itaima pa Kabwata kuyembekeza munthu amene kondakitala yekha ndiye amuona. Manje funsani amene mwakhala naye pafupi kuti Burma ni ndani. Wina adzakuuzani ati anali mzungu wa pafamu, monga George kapena John Laing. Wina ati ni dzina chabe la balaki. Zoona zake n'zakuti Burma ni dziko, lili ku Asia, masiku ano alitcha Myanmar. Kumeneko kuli mafupa a anyamata a kuno kwathu amene anakwela sitima ya pamadzi osadziwa ngati adzadyanso nsima ya amai awo.

Ulendo wa sabata ino sufuna tikiti ya pa Intercity. Ni wa tumabasi twathu tomwetu, kuyambila pa Burma Road, kukhotela pa Independence Avenue, kukathela mu komboni. Tisakila zotsala za nkhondo: mamendulo, tumabuku twa usoja, zithunzi, zipewa. Amene anabwela nazo atsala ochepa maningi. Soja amene anali ndi zaka 18 pamene nkhondo inatha mu 1945 anabadwa mu 1927. Welengani nokha.

MAINA A PA MAGETI

Mu 1933 boma la atsamunda linapatula masoja ku Northern Rhodesia Police n'kupanga Northern Rhodesia Regiment. Baji yawo inali mbalame ya miyendo itali-itali, ya nthenga zoimilila pamutu. Nkhondo yachiwili ya dziko lonse itabuka mu 1939, gululo linakula kufika mabataliyoni 8, ndipo anthu akuda pafupifupi 15,000 a dziko lino anavala khaki. Ena analembetsa okha pofuna ndalama ya msonkho. Ena mfumu ndiye inawaloza chala pamene a boma anafika m'mudzi kufuna amuna.

Kumene anapita kwalembedwa pa mageti a mabalaki athu. Mu August 1940 bataliyoni yoyamba inamenyana ndi Mataliyana pa mpata wa mapili wa Tug Argan ku Somaliland, ndiye Tug Argan ya ku Ndola imeneyo. Gondar ya ku Chipata ni tauni ya ku Ethiopia kumene Mataliyana anagonja mu November 1941. Chindwin ya ku Kabwe ni mtsinje wa ku Burma, ndipo Kalewa ya ku Ndola ni katauni ka m'mbali mwa mtsinje womwewo. Kuti akalowe mu Kalewa mu December 1944, masoja a ku Africa anayenda m'chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake, matope mpaka m'mawondo, malungo akugwetsa anthu ambili kuposa zipolopolo za Majapani. Arakan, likulu la Zambia Army kuno ku Lusaka, ni chigawo cha m'mbali mwa nyanja ku Burma komweko, lelo chitchedwa Rakhine.

Ngakhale chilankhulo chimene muwelenga apa chili ndi fungo la balaki. Chinyanja ndicho chinali kukambidwa m'chipolisi ndi m'chisoja cha nthawi ija. Mnyamata wa ku Mongu kapena ku Kasama akalowa usoja anali kuchiphunzila afune asafune, ndipo ichi chinathandizako kuti chimele mizu mu Lusaka.

Koma onani mmene tauni inagawila maina. Makomboni anatenga maina a eni mafamu ndi makontilakita: George, John Howard, John Laing, Marrapodi. Mabalaki anatenga maina a mapili ndi mitsinje ya kutali. Nanga soja amene anaoloka mitsinjeyo, dzina lake lili pati?

PA CHIPILALA NA PA MYUZIYAMU

Selukani pa Independence Avenue, chakufupi ndi Cabinet Office. Pali chipilala cha okumbukila akufa pa nkhondo, Cenotaph. Masiku ambili anthu amangochipitilila, maso ali pa foni. Pa Sondo yachiwili ya November ndiye pamakhala pelete: lipenga lilila, anthu akhala chete, akuluakulu a boma ndi akazembe aika nkhata za maluwa. Pa mipando ya kutsogolo pamakhala madala a mamendulo pachifuwa, ndipo mzele wawo ufupika chaka na chaka.

Mu November 2018 Prince Harry anafika pa Burma Barracks kudzagwilana chanza ndi masoja akale ndi akazi amasiye. Zithunzi zinayenda pa dziko lonse. Patapita miyezi yochepa, mu 2019, atolankhani ku Britain anavumbula chikalata cha boma lawo cha 1945 choonetsa mmene ndalama yotsazikila masoja inagawidwila. Soja wamba wachizungu anali kulandila masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwila nchito. Wakuda wa udindo womwewo anali kulandila masheleni atatu na hafu. Nkhani yonse ija inatuluka ndaba pepala limodzi linasungidwa bwino m'faelo zaka zoposa 70. Gwilani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogolo.

Mukatsika na msewu womwewo kulowela ku tauni mufika pa Lusaka National Museum, pafupi ndi Freedom Statue. Inatsegulidwa mu 1996. Pansi pali zojambula ndi zosema za akatswili athu, pamwamba pali mbili ya dziko ndi miyambo. Ambili tinalowamo kamodzi chabe, pa ulendo wa sukulu, maganizo ali pa mabanzi amene aticha ananyamula. Bwelelaniko mwakula. Mudzaona chimene mwana saona: kanthu kalikonse kali m'galasi kanachoka m'manja mwa munthu. Myuziyamu sipanga zinthu zakale. Imalandila, imalemba, imasunga. Banja likapanda kutulutsa zimene lili nazo, mbali imeneyo ya mbili ikhala yopanda kanthu.

THILANKI YA KU MATERO

Kuchoka m'tauni kwelani ya ku Matero. Komboni iyi inamangidwa kuchiyambi kwa ma 1950 kuti mukhale antchito akuda ndi mabanja awo, nthawi imene masoja obwela ku nkhondo anali akali anyamata amphamvu. Ambili anapeza nchito ya ulonda, ya umesenjala, ya upolisi, ena ya udalaivala ndaba anaphunzila kuyendetsa malole ku usoja. Mu Matero momwemu muli nyumba nambala 3144, imene inali ofesi ya omenyela ufulu chakumapeto kwa ma 1950, ndipo boma linaiika pa mndandanda wa zipilala za dziko. Nyumba imeneyo ili na chitetezo cha lamulo. Zimene ninabwelela ine zilibe.

Ninafikila kwa amai ena achikulile amene apemphela mpingo umodzi ndi amai anga. Anatuma mdzukulu kukakoka thilanki pansi pa bedi. Inatuluka ikulila pa simenti, yakuda, makona atadyeka na dzimbili. Pamwamba panali zitenje za pa maukwati ndi makadi a ku kiliniki a ana amene manje ali na ana awo. Pansi penipeni panali kachitini ka fodya, ndipo m'kachitinimo munali mamendulo awili. Ina ni nyenyezi ya nsonga zisanu n'imodzi, yachikasu, kansalu kake kofiila pakati, m'mbali muli buluu na olenji. Iyo ni Burma Star. Inayo ni yozungulila, yotuwa, ili na mutu wa mfumu George VI.

"Yenze yatatu, mwanawanga," anatelo amaiwo. "Imodzi bana banasobelesa panja, yapita. Chikhoti cha khaki banatenga ba malume pogawa vovala pa malilo. Nsapato nazo zinayenda kumunzi. Ivi vasala ndaba ninabisa."

Ninawafunsa ngati atate awo anali kusimba za nkhondo. Anaseka pang'ono. "Sibenze kukamba vambili. Bakamwako ka seven days ndiye pamene banayamba: mvula, misundu, banzawo bamene banasala kuja. Ise tenze bafana, tinali kuthaba kuti bayamba futi. Manje nifuna kufunsa, nizafunsa ndani?"

Tembenuzani Burma Star muone kumbuyo. Kulibe dzina, kulibe nambala. Pa nkhondo yoyamba Britain inali kudinda dzina la soja pa mendulo, koma pa yachiwili mamendulo ambili anapelekedwa opanda kanthu. Ndiye kuti mendulo ikasiyana na banja lake, palibe katswili amene angadziwe mwini wake. Chimene chiipatsa pakamwa ni pepala. M'thilanki ija munali kabuku kofewa ngati tsamba la fodya, kamene soja anali kupatsidwa pomasulidwa: dzina, nambala ya usoja, gulu lake, tsiku lolowa ndi lotuluka. Amaiwo anali kusamala mamendulo ngati mazila, koma kabukuko kanali kokulungidwa pamodzi na malisiti akale a madzi. Pa zonse za m'thilanki, ndiko kanali ka mtengo wapatali.

MADZI, SIKELO NA LANDILODI

Adani a thilanki tiwadziwa tonse. Woyamba akhala ku Kanyama. Komboni iyi inakhala pa mwala, madzi alibe kolowela, ndipo kuyambila pa chigumula chachikulu cha 1978 mpaka lelo, January na February ni miyezi yoika matilesi pamwamba pa tebulo. Madzi akalowa m'nyumba usiku, munthu athamangila ana, TV na saka ya unga. Thilanki ili pansi pa bedi, pamalo otsikitsitsa m'nyumba yonse. Ikatsegulidwa mu April, mapepala agwilana ngati chikanda, inki yasungunuka, nkhope za pa zithunzi zamatilila ku pulasitiki. Zimene madzi asiya, chiswe na mphemvu zitsiliza.

Wachiwili ayenda na wilibala. Mu George, mu Chibolya, mu Kanyama momwemo, mumamva anyamata akuitana sikilapu, ndipo pa kona pali sikelo yolendewela. Sitiwanyoza, nawonso asakila ya ndiwo. Koma sikelo sifunsa mbili. Nyenyezi zija zinapangidwa na kopa wosakaniza na zinki, ndipo n'zopepuka kwakuti ndalama yake singagule na buledi. Mabatani a yunifomu, chitsulo cha lamba, botolo la madzi la soja, mbale yake yodyela, zonse zimalowa m'saka limodzi na mapoto obooka. Kulinso ogula ochenjela amene adziwa kuti kunja kuli anthu osonkhanitsa zinthu za nkhondo. Iwo afuna mendulo pamodzi na pepala lake, akupatsani ka 200, ndipo dzina la ambuya anu lipita kukakhala m'kabati ya munthu amene sadziwa kulitchula.

Wachitatu ni kusamuka. Wa lendi ku Chawama angasamuke katatu pa zaka ziwili. Landilodi akweza lendi, musakila kwina, ndipo katundu ayenela kukwana pa Canter imodzi kapena pa mawilibala awili. Paliponse pamene musamuka pali chimene chitsala. Nthawi zambili chimakhala chikatoni cha "mapepala akudala" chimene palibe anachitsegulapo kuchokela pa malilo.

Onjezani malilo eni ake. Pa mwambo wathu zovala za womwalila zimagawidwa, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Vuto n'lakuti zinthu za soja zili ngati banja: zikamba zomveka zikakhala pamodzi. Mendulo ikapita ku Petauke, chithunzi ku Kitwe, kabuku n'kutsala ku Chawama, aliyense ali na kachidutswa kamene sikakamba kanthu.

NKHONDO INAFIKA PA KHOMO

Wina angati, ife ambuya athu sanapite ku Burma, nkhani iyi si yathu. Kwelani basi ya ku Kalingalinga na Mtendere, mukhale pansi na aliyense wa zaka zopitilila 60. Lusaka inaionapo nkhondo na maso.

Pa 18 March 1975 Herbert Chitepo wa ZANU anaphedwa na bomba limene linaikidwa m'motoka yake ku Chilenje South. Pa 19 October 1978 ndeke za Ian Smith zinaphulitsa kampu ya ZIPRA ku Chikumbi, kumpoto kwa tauni, n'kupha anthu mazanamazana, uku zikulamula a pa eyapoti ya Lusaka kuti ndeke za Zambia zisanyamuke. Tsiku lomwelo anakanthanso kampu ya ku Mkushi. Mu April 1979 masoja a Rhodesia analowa pakati pa tauni usiku n'kugumula nyumba ya Joshua Nkomo, kufupi na State House, koma mwini wake sanam'peze. Chaka chomwecho anaphulitsa milatho, kuphatikizapo wa pa Chambeshi. Ku Kavalamanja, m'boma la Luangwa, masoja athu anafa mu March 1978.

M'zaka zimenezo omaliza Form Five anali kupita ku Zambia National Service mokakamizidwa, anyamata na atsikana omwe. Amai anu amene lelo agulitsa tomato pa msika wa Mtendere mwina adziwa kumasula mfuti na kuimanganso. Othawa kwawo a ANC anali kukhala pakati pathu m'makomboni monga Lilanda na Mtendere, kutunga madzi pa pompi imodzi na ise. Nyumba ya Oliver Tambo ku Chelstone inatsegulidwa ngati malo a chikumbutso mu 2017. Koma m'nyumba zimene munali kugona anyamata wamba a nkhondo ija, mwatsala tumakalata, zithunzi za pa ubatizo, chipewa chimene wina anasiya ati adzabwela kudzatenga.

Pambuyo pake kunabwela ena. Masoja athu anavala chipewa cha buluu cha United Nations ku Mozambique, ku Rwanda, ku Angola, ku Sierra Leone kumene ambili a iwo anagwidwa na zigawenga mu 2000, ndipo m'zaka zaposachedwa ku Central African Republic. Zipewa zimenezo lelo zili pa misomali m'masitingi a ku Chawama na ku George. Zioneka zatsopano, palibe aziyesa zakale. Burma Star nayo inali yatsopano mu 1950.

PHUNZILO LA LAND ROVER YOPSA

Kuti muone mmene kusunga kumagwilila nchito, pitani ku Chilenje House 394, kumene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambila January 1960 mpaka December 1962. Ni kanyumba kang'ono ka komboni, mipando wamba, ziwiya wamba. Panja pali Land Rover imene anali kuyendela pa kampeni ya ufulu. Inatenthedwa pa chipolowe cha mtengo wa unga mu 1990, ndipo ili pomwepo, yopsa. Wa sikilapu akaiona aona makilo. Mwana wa sukulu akaiona amva nkhani ziwili pa chitsulo chimodzi: ya ufulu, na ya tsiku limene anthu anakwiyila boma lawo. Chapulumutsa chitsulocho n'chakuti pali anthu olembedwa nchito yochiyang'anila, ndipo nkhani yake inalembedwa.

Kumpoto kwa dziko kuli chitsanzo china. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inathela kuno kwathu. Mkulu wa masoja a Jelemani, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva kuti ku Ulaya nkhondo yatha ali pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakagonja ku Abercorn, Mbala ya lelo, pa 25 November 1918. Mfuti za masoja ake zinaponyedwa m'nyanja ya Chila. Pa chikumbutso cha zaka 100 mu 2018, masoja athu odziwa kumila anavuulamo zina. Mfuti zinadikila zaka 100 pansi pa madzi n'kupezeka. Maina a atengatenga, amuna amene ananyamula katundu wa nkhondoyo pamutu n'kufela m'njila, ambili sanapezeke. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomela kuti anthu osachepela 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambili a iwo a ku Africa, sanalembedwe maina pa manda kapena pa chipilala chilichonse, ndipo boma la Britain linapepesa. Kupepesa kunabwela, koma dzina limene silinalembedwe silibwela.

MUKATSEGULA THILANKI

Ngati kwanu kuli zinthu zotele, nchito yoyamba sifuna ndalama. Foni muli nayo. Yalani chitenje choyela pa mthunzi, muike kanthu kamodzi-kamodzi, mujambule kutsogolo na kumbuyo. Kabuku mujambule tsamba lililonse, nambala ya usoja ioneke bwino. Tumizani zithunzizo pa gulupu ya banja pa WhatsApp, ndipo wina aziike pa imelo, ndaba foni ku City Market imapita na mphepo.

Mendulo musaikweche na Brasso, mchenga kapena phulusa ngati poto. Kuwala kumene mufuna kumadya zolemba zake. Ipukuteni na kansalu kouma, basi. Kansalu kake kolendewela musakachape, mitundu yake ndiyo ionetsa kumene soja anamenyela nkhondo. Africa Star, mwachitsanzo, kansalu kake n'kotuwa ngati mchenga, kali na mzele wofiila pakati.

Mapepala musawapeleke ku lamineshoni. Pulasitiki ija imamatilila na moto ndipo sichokanso, a myuziyamu amalila akaiona. Chitani fotokope, iyo ndiye muipange lamineti ngati mufuna yoonetsa alendo. Pong'ambika musamatepo selotepu, pakapita zaka imasiya chikasu chimene chidya pepala. Ikani pepala lililonse lotambasula mu envulopu yoyela, maenvulopu alowe m'chikontena cha pulasitiki chotseka bwino, chikontena chikwele pamwamba pa wadilopu. Mvula ikatha, tsegulani zipitidwe mphepo pa mthunzi. Kumbuyo kwa chithunzi lembani na pensulo, osati bolopeni: ni ndani, kuti, chaka chanji.

Chenjezo limodzi, ndipo apa sitiseka. Chipolopolo, bomba la m'manja kapena chitsulo chilichonse chimene simuchimvetsa si chikumbutso. Zinthu izi zimaphulika ngakhale patapita zaka makumi ambili. Musachigogode, musachiike pa mbaula, musachinyamule m'basi. Chotsanipo ana, uzani apolisi.

KUPELEKA KAPENA KUSUNGA?

Mabanja ena adzasankha kusunga okha, ndipo ni ufulu wawo. Ngati n'telo, gwilizanani munthu mmodzi wosunga zonse pamodzi, ndipo aliyense adziwe kuti pa malilo zinthu izi sizilowa pa mulu wogawa. Koma ngati nyumba ilowa madzi chaka chilichonse, kapena muona kuti adzukulu maso ali pa sikelo, ganizilani zopeleka.

Zinthu zogwilika, pitani nazo ku myuziyamu mukakambe na woyang'anila za mbili. Makalata, tumabuku na zithunzi, kulinso National Archives of Zambia ku Ridgeway. Musanapite, khalani pansi monga banja, pasapezeke amalume obwela pambuyo ati munagulitsa. Mukafika, funsani kusiyana kwa kupeleka kothelatu na kubweleka kwa nthawi yoikika, musankhe chimene mtima wanu ulola. Musasiye kanthu pa geti kapena m'manja mwa munthu pa kolido. Pakhale pepala losainidwa, lolemba chilichonse chimene mwasiya, dzina la soja na dzina la banja, ndipo kope imodzi mubwele nayo kunyumba. Funsani nambala imene aipatsa m'kaundula wawo. Dziwaninso kuti si zonse zimene zimalowa m'galasi mailo lomwe. Zambili zimakhala m'chipinda chosungila, kumene ofufuza na ana a pa UNZA angazipeze. Ngakhale kumeneko n'kouma kuposa pansi pa bedi ya ku Kanyama.

Ndipo musapite na chitsulo chokha. Pitani na nkhani yake. Sondo ino mukachoka ku chalichi, pitilani kwa wamkulu amene watsala m'banja, muwagulileko ka shuga na buledi, muike foni pa tebulo ijambule mawu. Afunseni bwino-bwino: Ambuya, dzina lawo lonse linali ndani, na la kumudzi lomwe? Mfumu yawo inali ndani? Anapita chaka chanji, anabwela liti? Anabwela na chani m'manja? Usiku anali kugona bwino? Akayamba kubweleza zimene munamvapo kale, musathawe. Asiyeni akambe mpaka tiyi izizile.